Mabokosi a mindandanda ya nkhani pa webusaiti: kakonzedwe kake mu Drupal

Bokosi la mndandanda wa nkhani ndi kachigawo ka tsamba la pa intaneti kamene kamaonetsa mitu ya nkhani zingapo, zosankhidwa motsata malamulo amene wokonza webusaiti anaika kale. Aliyense wowerenga nyuzipepala pa foni anawaonapo mabokosi otere. M'mbali mwa tsamba kapena pansi pa nkhani pamakhala mawu akuti "Zaposachedwa", "Zamasewera" kapena "Werenganinso izi", kenako pamatsatira mitu isanu kapena kuposera apo. Pa Chingerezi kachigawo kotere amati block, ndipo pulogalamu imene imasunga ndi kufalitsa nkhani za pa webusaiti amaitchula mwachidule kuti CMS.

Anthu ambiri amayesa kuti pamakhala wantchito wosintha mitu imeneyi pamanja nkhani yatsopano ikatuluka. Pa mawebusaiti ambiri sizitero. M'bokosimo simusungidwa nkhani ayi, mumasungidwa funso. Tsamba likamatsegulidwa, pulogalamu imapita ku nkhokwe ya webusaiti, imene akatswiri amati database, n'kukafunsa kuti mwa nkhani zonse zimene zilimo ndi ziti zavomerezedwa, zili m'gulu la zamasewera, ndipo ndi zatsopano kuposa zinzake. Yankho la funsolo ndilo limaoneka m'bokosi. Pulogalamuyo ili ngati mwana wotumidwa ku nkhokwe amene amabwera ndi zomwe wauzidwa basi, osawonjezerapo nzeru zake. Akatumidwa molakwika amabweretsa zolakwikazo mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, pamaso pa anthu onse. N'chifukwa chake kukonza bokosi lotere, ngakhale kumachitika podina mabatani, ndi ntchito ya ukonzi: pamenepo ndi pamene pamagamulidwa zimene owerenga aone, zimene zibisike, ndiponso amene ali ndi mphamvu zosintha zimenezo.

Drupal ndi chida cha Views

Mapulogalamu a CMS alipo ambiri. Odziwika kwambiri ndi WordPress, Joomla ndi Drupal, ndipo onsewa ali ndi njira yopangira mabokosi otere. Drupal ndi imene imayala poyera zigawo zonse za ntchitoyi, choncho ndi yabwino kuphunzirirapo. Anaiyambitsa ndi Dries Buytaert wa ku Belgium ali wophunzira pa yunivesite ya Antwerp, ndipo inatulutsidwa kwa anthu onse mu January 2001. Ndi yaulere, ndipo aliyense amaloledwa kuona ndi kusintha mmene inalembedwera.

Pachiyambi, wofuna mndandanda wapadera mu Drupal ankayenera kudziwa SQL, chilankhulo chofunsira nkhokwe, komanso PHP, chimene Drupal inalembedweramo. Zinthu zinasintha Earl Miles, wodziwika pakati pa anzake ndi dzina lakuti merlinofchaos, atalemba chowonjezera chotchedwa Views. Chidachi chimalola munthu kupanga funso posankha zinthu pa fomu, n'kusiyira pulogalamu kulemba SQL yokha. Kwa zaka zambiri Views inali yochita kuikamo padera, moti mu Drupal 7, imene inatuluka mu 2011, munthu ankayenera kuipeza yekha pamodzi ndi inzake yotchedwa CTools. Itafala kwambiri, inalowetsedwa m'thunthu la pulogalamuyo mu Drupal 8, yomwe inatuluka pa 19 November 2015. Zimene zikulongosoledwa pano ndi za Drupal 8 ndi ina yotuluka pambuyo pake, kufikira Drupal 11 ya mu 2024. Drupal 7 anasiya kuikonza pa 5 January 2025, kotero webusaiti imene ikadali pamenepo ili ndi vuto lalikulu kuposa la mabokosi.

Nkhani ziyambe zasanjika

Funso silingapeze chimene sichinalembedwe. Drupal imasunga nkhani iliyonse m'timagawo totchedwa fields: mutu, thunthu la nkhani, chithunzi, dzina la wolemba, tsiku lolembedwa, ndi chizindikiro chosonyeza ngati nkhaniyo yafalitsidwa kapena ikadali yobisika, chilichonse pamalo pake. Nkhani zokhala ndi timagawo tofanana zimapanga mtundu umodzi, umene amati content type. Kawirikawiri Drupal ikangoikidwa imabwera ndi mitundu iwiri, Article wa nkhani zotuluka pafupipafupi ndi Basic page wa masamba osasinthasintha, ndipo wokonza angawonjezere ina monga ya zochitika kapena ya malonda.

Magulu a nkhani, monga ndale, ulimi, zaumoyo ndi masewera, amasungidwa m'gawo lotchedwa Taxonomy. Apa ndi pamene mabokosi ambiri amayambira kudwala asanabadwe n'komwe. Ngati atolankhani aloledwa kulemba dzina la gulu mmene aliyense wafunira, wina adzalemba "Masewera", wina "Masewero", wina "Mpira", ndipo kwa kompyuta amenewa ndi magulu atatu osadziwana. Bokosi lofunsa za "Masewera" lidzasiya panja nkhani zonse za magulu awiri enawo, ndipo palibe uthenga uliwonse wochenjeza umene udzatuluke. Mankhwala ake ndi kukhala ndi mndandanda wotsekeka wa magulu, woti mtolankhani azingosankhapo, ndi kulamula kuti nkhani isasungidwe gulu lisanasankhidwe.

Kupanga funso

Ntchito imayambira pa menyu ya oyang'anira webusaiti, polowa mu Structure, kenako Views, n'kudina Add view. Fomu yoyamba ndi yaifupi. Imafuna dzina la funsolo, mtundu wa nkhani zoti zioneke, ndi dongosolo lake, kaya zatsopano patsogolo, zakale patsogolo kapena motsata zilembo za mitu. Pansi pake pali malo awiri oika chizindikiro, Create a page ndi Create a block. Wofuna bokosi amasankha achiwiriwo, n'kulemba mutu umene owerenga adzaone pamwamba pa bokosilo. Chiwerengero cha nkhani chimayamba chili pa 5.

Kaonekedwe nakonso kamasankhidwa pomwepo: mndandanda wamba, mndandanda wa madontho kapena manambala, tebulo, kapena timabwalo tondandalikidwa m'mizere. Pa nkhani iliyonse, bokosi likhoza kuonetsa mutu wokha wokhala ndi linki, chidule chokonzedwa kale chotchedwa teaser, kapena timagawo tosankhidwa kamodzikamodzi. Njira yomalizayi ndi imene imapereka ufulu wochuluka, chifukwa wokonza amatha kunena kuti pakhale kachithunzi, mutu ndi tsiku, china chilichonse ayi.

Za chithunzi n'zofunika kuzisamala. Chithunzi chojambulidwa ndi kamera kapena foni yamakono chimakhala cholemera, ndipo bokosi likaonetsa zithunzi 10 zosachepetsedwa, wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene akudalira bandulo ya tsiku limodzi ndiye amalipira. Drupal ili ndi zikombole zochepetsera zithunzi, zotchedwa image styles. Thumbnail imachepetsa chithunzi kuti chisapitirire mapikiselo 100 m'litali ndi m'lifupi, Medium 220, ndipo Large 480. M'bokosi la m'mbali mwa tsamba, Thumbnail kapena Medium n'zokwanira. Chimodzimodzinso mawu: chidule chodulidwa ndi pulogalamu chimayamba chili pa zilembo 600, zomwe n'zambiri kwa bokosi laling'ono, ndipo ndi bwino kuzitsitsa.

Sefa, ndi mzere umene suyenera kuchotsedwa

Fomu yoyamba ikasungidwa, pamatseguka tsamba lalikulu lokonzerapo zonse. Gawo lofunika koposa pa tsambali ndi Filter criteria, lomwe ndi sefa ya funsolo. Mzere uliwonse m'gawoli ndi lamulo limene nkhani iyenera kukwaniritsa kuti idutse. Drupal imaikamo yokha mzere wakuti Published, wosonyeza kuti zidutse nkhani zofalitsidwa zokha, ndipo wokonza amawonjezera ya mtundu wa nkhani, gulu lake, kapena masiku.

Mzere wa Published umaoneka wamba, komatu ndi umene umalekanitsa chipinda cha akonzi ndi msewu. Nthawi zina wokonza amauchotsa poyesa bokosi latsopano, pofuna kuona nkhani zambiri, kenako n'kuiwala kuubwezera. Zikatero, mitu ya nkhani zimene mkonzi sanazivomereze, ndi timagawo tina tonse timene bokosilo limaonetsa, zimaonekera kwa mlendo aliyense. Wodina linki amakanizidwa kulowa m'nkhaniyo, koma mutu wauwerenga kale, ndipo kujambula zimene zili pa sikirini ya foni n'kutumiza pa WhatsApp sikutenga ngakhale mphindi. Nkhani yotchula munthu pa mlandu umene sunatsimikizidwe, uthenga wa maliro achibale asanauzidwe, kapena chikalata chimene chinayenera kudikira tsiku lake, zonsezi zingatuluke pa khomo limeneli. Drupal ilinso ndi sefa ina imene imaonetsa nkhani zobisika kwa oyang'anira okha, koma m'bokosi la anthu onse palibe chifukwa chomveka choigwiritsira ntchito. M'gawo la Advanced mulinso malo otchedwa Disable SQL rewriting, amene amathimitsa malamulo owonjezera oletsa anthu ena kuona nkhani zina. Amenewo asiyidwe mmene alili.

Malamulo a m'sefa amagwira ntchito limodzi: nkhani iyenera kukwaniritsa onse. Wofuna nkhani za ulimi kapena za nyengo m'bokosi limodzi ayenera kusamala, popeza kuika mizere iwiri yosiyana kumatanthauza nkhani zimene zili m'magulu onse awiri nthawi imodzi, ndipo bokosi limatha kukhala lopanda kanthu. Njira yake ndi kusankha magulu onse awiri mumzere umodzi, kapena kugawa malamulowo m'timagulu tolumikizidwa ndi AND ndi OR. Pochita zimenezo, mzere wa Published ukhale m'kagulu kakekake kolumikizidwa ndi AND, chifukwa ukalowa m'kagulu ka OR mphamvu yake imatha ngakhale ukuonekabe pa fomu.

Webusaiti ya zilankhulo ziwiri, monga Chingerezi ndi Chichewa, imafuna mzere wina wa chilankhulo cha nkhani. Popanda umenewo, nkhani yomasuliridwa imatuluka kawiri m'bokosi lomwelo. Sefayo ingauzidwe kuti izitsata chilankhulo chimene wowerenga wasankha pa tsambalo. Pa makompyuta, chizindikiro cha Chichewa ndi zilembo ziwiri, ny.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale ozolowera. Funso limodzi la Views likhoza kukhala ndi maonekedwe angapo, monga tsamba lathunthu, mabokosi awiri kapena atatu, ndi RSS. Posintha lamulo lililonse, pamwamba pa fomu pamakhala malo osankha ngati kusinthako kukhudze maonekedwe onse, All displays, kapena bokosi lokhalo limene likukonzedwa. Wosayang'ana malo amenewa amasintha sefa ya bokosi la zamasewera, mawa n'kumva kuti tsamba la nkhani zonse nalo lasanduka la mpira wokhawokha.

Dongosolo ndi chiwerengero

Gawo la Sort criteria limanena nkhani yoyamba ndi yomaliza. Drupal imasunga masiku awiri pa nkhani iliyonse: Authored on, tsiku limene inalembedwa, ndi Changed, tsiku limene inasinthidwa komaliza. Bokosi la zaposachedwa liyenera kutsata loyambalo. Likatsata lachiwiri, mkonzi akangokonza chilembo chimodzi m'nkhani ya zaka zitatu zapitazo, nkhaniyo imakwera pamwamba ngati yalero, ndipo owerenga osayang'ana deti amayamba kugawana za kukwera kwa mtengo wa mafuta kapena za ngozi imene inachitika kalekale. Ngakhale Authored on ali ndi vuto lake: nkhani imene inayamba kulembedwa Lolemba n'kufalitsidwa Lachisanu imakhalabe ndi deti la Lolemba, ndipo imakabisala pansi pa zinzake pokhapokha mkonzi atasintha detilo pofalitsa.

Nkhani iliyonse ilinso ndi zizindikiro ziwiri zimene mkonzi angaike: Promoted to front page ndi Sticky at top of lists. Zizindikirozi pazokha sizichita kanthu m'bokosi latsopano. Choyamba chimagwira ntchito chikaikidwa m'sefa, chachiwiri chikaikidwa pamwamba pa malamulo a dongosolo. Ndi njira yabwino yopatsira mkonzi dzanja m'bokosi losankha lokha, chifukwa nkhani yaikulu imakhala pamwamba ngakhale zina zitatuluka pambuyo pake. Chovuta chake n'chakuti palibe chimachotsa chizindikirocho chokha, ndipo nkhani yoiwalika imatha kukhala pamwamba miyezi.

M'gawo la Pager ndi mmene mumaikidwa chiwerengero cha nkhani, komanso nambala yotchedwa offset, imene imauza pulogalamu kuti idumphe nkhani zingati zoyambirira. Masamba oyamba a nyuzipepala ambiri amamangidwa ndi nambala imeneyi: bokosi lalikulu limaonetsa nkhani 1 ndi chithunzi chachikulu, lachiwiri limaonetsa nkhani 4 zotsatira ndi offset ya 1, lachitatu mitu 10 ndi offset ya 5. Kuti nkhani isaoneke kawiri kapena kusowa, mabokosi atatuwa ayenera kukhala ndi sefa ndi dongosolo lofanana ndendende. Linki ya "Zambiri" pansi pa bokosi, yotchedwa More link, imalozera ku tsamba lathunthu la funso lomwelo kapena ku adiresi imene wokonza walemba.

Bokosi lopanda nkhani lisaiwalidwe. Wokonza angalembe mawu oti azioneka pamenepo m'gawo la No results behavior, kapena kusankha kuti bokosilo lizibisika lonse, mutu wake ndi zonse.

Bokosi lozindikira pamene lili

Webusaiti yokhala ndi magulu 12 siyenera kukhala ndi mafunso 12 ongosiyana dzina la gulu. Tsiku lofuna kuwonjezera deti pansi pa mutu, wokonza adzayenera kusintha onse 12, ndipo limodzi lidzaiwalika. Views ili ndi sefa ya mtundu wina, Contextual filters, imene siuzidwa gulu pasadakhale koma imalitenga pa tsamba limene wowerenga ali. Funso limodzi lomwelo limaonetsa za ulimi pansi pa nkhani ya ulimi, za umoyo pansi pa nkhani ya umoyo.

Sefa imeneyi imasokoneza oyamba kumene pa chifukwa chimodzi. Tsamba la Views limatenga nambala ya gulu kuchokera mu adiresi yake, koma bokosi lilibe adiresi yakeyake. Choncho wokonza ayenera kusankha Provide default value, n'kunena kumene nambalayo ichokere. Pa bokosi la nkhani zofanana amasankha Taxonomy term ID from URL, n'kulola kuti gululo lizitengedwa pa nkhani imene yatsegulidwa. Chotsalira ndi kuchotsa nkhani imene munthu akuwerengayo, kuti isadzilembe yokha pa mndandanda wa zoti awerengenso. Zimenezo zimachitika ndi sefa yachiwiri ya nambala ya nkhani, yotengedwa ndi Content ID from URL, n'kuika chizindikiro pa Exclude, mawu obisika pansi pa fomu m'kagawo ka More.

Nkhani yokhala m'magulu angapo imatha kutuluka kawiri kapena katatu, makamaka funso likalumikizidwa ku zinthu zina kudzera mu Relationships. Nthawi zambiri kuyatsa Distinct mu Query settings kumathetsa vutoli.

Kuika bokosi, ndi kugawa mphamvu

Funso likasungidwa, bokosi limakhala lilipo koma silinaoneke paliponse. Limaikidwa polowa mu Structure, kenako Block layout, pamene pamaoneka zigawo za tsamba monga pamwamba, m'mbali, pakati ndi pansi. Mayina ndi kuchuluka kwa zigawozi kumadalira chovala cha webusaiti, chimene amati theme, ndipo chovala chikasinthidwa mabokosi amafunika kuwaonanso. Pa chigawo chofunidwacho, wokonza amadina Place block n'kusankha bokosi lake.

Fomu yotsatira imafunsa kumene bokosilo lizioneka: pa mitundu iti ya nkhani, pa masamba ati, kwa anthu a maudindo ati, ndi m'chilankhulo chiti. Masamba amalembedwa ndi maadiresi ake, ndipo kanyenyezi kamaimira chilichonse chotsatira, moti /masewera/* amatanthauza masamba onse a pansi pa gawo la masewera. Malamulowa nawonso amagwira limodzi, kotero bokosi louzidwa kuti lizioneka pa tsamba loyamba komanso pa nkhani za mtundu wa Article zokha likhoza kusaoneka paliponse, popeza tsamba loyamba nthawi zambiri si nkhani ya mtundu umenewo.

Kuyambira mu Drupal 8, bokosi limodzi lingaikidwe malo angapo, paliponse ndi makonzedwe akeake, zomwe mu Drupal 7 sizinkatheka popanda chowonjezera. Apa ndi pamene mawu akuti bokosi losinthika amapezera tanthauzo. Mu Views, pansi pa Block settings, pali malo otchedwa Allow settings, pamene wopanga funso amalola kuti chiwerengero cha nkhani chizisinthidwa poika bokosi. Woika bokosi angathenso kusintha mutu wake. Motero bokosi lomwelo limakhala "Zaposachedwa" ndi nkhani 10 pa tsamba loyamba, n'kukhala "Zina zatsopano" ndi nkhani 5 m'mbali mwa nkhani. Layout Builder, chida chimene chinakhazikika mu Drupal 8.7 mu 2019, chimalolanso mkonzi kuika mabokosi omwewa pa tsamba limodzi lokha powakoka ndi mausi.

Zosinthika m'thunthu la Drupal n'zochepa choncho, ndipo ena amadandaula nazo. Zowonjezera zilipo zotsegula makomo ambiri, koma kuchepako kuli ndi ubwino wake. Mutu, chiwerengero ndi malo ndi zinthu zimene mkonzi angalakwitse n'kukonza popanda wina kupwetekedwa. Sefa ya Published, malamulo a amene angaone bokosi ndi malumikizidwe a funso zili m'gulu lina. Chilolezo cha Administer views Drupal yomwe imachilemba kuti chiperekedwe kwa anthu odalirika okha, chifukwa wokhala nacho angapange mndandanda wa chilichonse cha m'nkhokwe, kuphatikizapo mayina ndi maimelo a anthu olembetsa pa webusaiti. Akonzi a tsiku ndi tsiku chimawakwanira chilolezo choika mabokosi. Mawebusaiti ena amathimitsiratu Views UI, gawo lokonzera mafunso, pa seva imene anthu amawerengapo, ndipo mabokosi amagwirabe ntchito.

Pa chifukwa chomwecho, okonza osamala amayesera bokosi pa kope ya webusaiti kaye. Drupal imasunga funso lililonse ngati fayilo ya YAML imene ingasamutsidwe kuchoka pa kompyuta yoyeserera kupita pa seva yeniyeni. Pansi pa tsamba lokonzera pali Preview, yoonetsa zotsatira nthawi yomweyo, koma imaonetsa zimene woyang'anira akuloledwa kuona. Kuyesa kwenikweni ndi kutuluka mu akaunti, kutsegula tsambalo pa foni ngati mlendo, n'kuwerenga mitu umodziumodzi.

Bokosi likakana kusintha

Kufunsa nkhokwe nthawi iliyonse munthu akatsegula tsamba kungalemetse seva, choncho Drupal imasunga yankho kwa kanthawi n'kumapereka lomwelo kwa obwera pambuyo. Kusungaku amati cache. Views imayamba ili pa njira yotchedwa Tag based, imene imataya yankho lakale nkhani iliyonse ikasungidwa, kusinthidwa kapena kufufutidwa. Kwa bokosi la zaposachedwa njirayi ndi yabwino kwambiri, popeza nkhani yatsopano imaoneka nthawi yomweyo.

Imalephera pa mabokosi odalira koloko. Bokosi la zochitika zikubwera limakhala ndi sefa yakuti deti likhale la lero kapena la m'tsogolo. Msonkhano ukadutsa Loweruka, ndipo palibe amene wasunga nkhani iliyonse mpaka Lolemba, palibe chouza pulogalamu kuti yankho lakalamba, ndiye bokosi limapitiriza kuitanira anthu ku zinthu zimene zinatha. Bokosi lotere limafuna njira ya Time-based, imene imataya yankho pakapita nthawi yoikika. Ngakhale zitatero, Internal Page Cache, imene imasunga masamba athunthu a alendo osalowa mu akaunti, siiwerengera nthawi imeneyo, kotero woyang'anira amaona bokosi lolondola pamene owerenga akuona lakale, ndipo pamafunika dongosolo lina lotayira masamba osungidwawo. Nthawi ya webusaiti nayonso iyenera kukhala yolondola: ya Malawi imapezeka pa mndandanda ndi dzina lakuti Africa/Blantyre, ndipo ili patsogolo pa UTC ndi maola 2.

Bokosi la nkhani zowerengedwa kwambiri limadalira chowerengera alendo. Drupal inali nacho chake chotchedwa Statistics, koma chinachotsedwa m'thunthu la Drupal 11 ndipo tsopano n'chochita kuikamo padera.

Mu WordPress

WordPress, imene anaiyambitsa Matt Mullenweg ndi Mike Little mu 2003, inayamba kumanga masamba ndi mabokosi mu WordPress 5.0 ya mu December 2018. Ili ndi bokosi losavuta lotchedwa Latest Posts, ndipo mu WordPress 5.8 ya mu July 2021 munabwera lamphamvu kuposa limenelo, Query Loop. Mafunso ake ndi omwe aja: mtundu wa nkhani, gulu, wolemba, dongosolo, chiwerengero, offset, ndi chochita ndi nkhani zomatidwa pamwamba. Kaonekedwe ka nkhani iliyonse kamakonzedwa kamodzi m'kabokosi ka mkati kotchedwa Post Template, ndipo kamabwerezedwa pa nkhani zonse za mumndandanda.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Query Loop imakonzedwa pa tsamba pomwepo ndi mkonzi, ndipo siionetsa alendo nkhani zosafalitsidwa, kotero ngozi yaikulu ija kulibe. Mtengo wake ndi wakuti mafunso ovuta, monga olumikiza mitundu iwiri ya nkhani kapena otsata deti la chochitika, amafuna pulagini kapena wodziwa PHP. Chimene chimasokoneza ambiri ndi malo osankha ngati bokosi litengere funso la tsamba limene lili kapena likhale ndi funso lakelake. Pa tsamba la gulu kapena la zotsatira za kufufuza, liyenera kutengera la tsambalo. Pa tsamba wamba liyenera kukhala ndi lakelake, ndipo malo osankhira gulu, dongosolo ndi wolemba saoneka mpaka kutengerako kutathimitsidwa.